Mwala suiwala, oiwala ndi anthu

Sitima ya Ilala ikangoliza hutala polowa padoko, tauni ya Nkhata Bay imadzuka ngakhale kukhale pakati pa usiku. Anyamata onyamula katundu amathamangira kujeti. Amayi ogulitsa nthochi, chinangwa chophika ndi nsomba zowotcha amayalanso malonda awo. Makondakitala a maminibasi opita ku Mzuzu amayamba kukuwa, ndipo matumba a usipa ochokera ku Likoma ndi Chizumulu amatsika limodzilimodzi mpaka kusowa poponda.

Pa phokoso lonseli ndi anthu ochepa amene amakumbukira kuti dothi limene akupondalo lidamwapo magazi. Pa 3 Malichi 1959 asilikali a boma la atsamunda adawombera khamu la anthu pafupi ndi doko lomweli. Chipilala chokumbukira anthu amene adafa tsikulo chilipo m’taunimo, manda awonso alipo. Koma kupatula tsiku limodzi pachaka pamene akuluakulu amabwera ndi nkhata zamaluwa, malo amenewa amangodutsidwa ngati chulu cha m’mbali mwa njira.

Sitima imene anthuwa amaidikirayo idapangidwa ku Scotland m’chaka cha 1949. Dziko limenelo lili ndi miyala ina yakale imene idaimikidwa pakati pa misika zaka mazanamazana zapitazo, ndipo yambiri ikadali chilili mpaka lero. Mbiri ya miyala imeneyi, momwe ina idagwetsedwera ndi momwe eni ake adadzanong’onezera bondo pambuyo pake, ili ndi phunziro kwa anthu a ku Nkhata Bay ndi a m’matauni ena a malonda m’dziko muno.

Mtanda wa pamsika

Munthu akamayenda m’matauni akale a ku Scotland, kawirikawiri amapeza mzati wamwala utaima pamphambano kapena pabwalo lalikulu la tauni. Pansi pake pamakhala makwerero ozungulira, ndipo pamwamba pamakhala chosema. Eni ake amautcha mercat cross, kutanthauza mtanda wa pamsika. Mitanda yotere yoposa 100 ikadalipo m’dzikolo.

Kalekale ku Scotland msika sunkangoyambika chifukwa anthu akumana pansi pa mtengo. Tauni inkayenera kulandira chilolezo kuchokera kwa mfumu ya dziko, bishopu kapena mwini malo wamkulu. Chilolezocho chinali chuma chenicheni, chifukwa tauni imene ili ndi msika ndiyo inkatolera msonkho kwa aliyense wobwera ndi malonda. Mtanda uja ndiwo unali umboni wooneka ndi maso woti tauniyo ili ndi ufulu umenewo. Zolembedwa zakale zimatchula kale za mitandayi m’nthawi ya Mfumu William the Lion, amene adalamulira kuyambira 1165 mpaka 1214. Lamulo la nthawiyo linkati katundu wogulitsa m’tauni ayambe waonetsedwa poyera pamsika, pafupi ndi mtanda.

Cholinga chake chinali chomveka kwa aliyense amene adachitapo geni. Malonda a kuseri amabala chinyengo. Katundu akaonekera pagulu, wogula amadziwa mtengo weniweni, wotolera msonkho amaona zimene zalowa, ndipo wakuba amasowa kogulitsa. Anthu awiri akagwirizana mtengo pansi pa mtandawo, pamaso pa mboni, pangano lawo linkalemekezedwa.

Mitanda ina inkathandizanso pa miyeso. M’mudzi wa Fettercairn muli mtanda wa chaka cha 1670 umene pamzati wake adagoba mzere wotalika muyeso umodzi wa nsalu wotchedwa ell, womwe ndi pafupifupi masentimita 94. Mayi akakayikira kuti wogulitsa nsalu wamubera, ankangopita pamwalapo n’kukayeza yekha. Aliyense amene adagulapo usipa pa chigoba chophwanyidwa pansi, kapena kugulitsa chimanga pa sikelo yokayikitsa ya vendala, akudziwa kufunika kwa muyeso umene palibe angausinthe usiku.

Ngakhale imatchedwa mitanda, yambiri ilibe mtanda pamwamba. Chipembedzo chitasintha m’dzikolo m’chaka cha 1560, zizindikiro zambiri za mpingo wakale zidachotsedwa. Pamitu ya mizatiyi adayamba kuikapo mpira wamwala, mkango, wotchi yoyendera mthunzi wa dzuwa, kapena chinyama cha m’nthano chooneka ngati hatchi ya nyanga imodzi pachipumi, chimene amachitcha unicorn, chomwe ndi chizindikiro cha ufumu wa Scotland.

Pamene pankamvekera uthenga ndi kulira

Nthawi imeneyo kudalibe wailesi kapena nyuzipepala, ndipo anthu ambiri sankadziwa kuwerenga. Mfumu ikamwalira, ina ikalowa ufumu, nkhondo ikayambika kapena lamulo latsopano likakhazikitsidwa, mthenga ankakwera pamakwerero a mtanda tsiku la msika n’kuwerenga mokweza. Zikamveka pamenepo, palibe amene akadanena kuti sadamve.

Mwambowu sudathe. Pa 11 Seputembala 2022, Mfumukazi Elizabeth II itamwalira, chilengezo choti Charles III ndiye mfumu yatsopano chidawerengedwa pa mtanda wa mumzinda wa Edinburgh, pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha St Giles. Anthu onse adali atamva kale nkhaniyo pa wailesi, pa kanema ndi m’mafoni, komabe adadzaza msewu kudzamva ndi makutu awo.

Koma miyalayi sikuti imangosunga zokoma zokhazokha. Pamtanda pomwepo ndi pamene olakwa ankalangidwa. Wobera pamiyeso, woledzera mosokoneza kapena wotukwana ankamangidwa kolala yachitsulo m’khosi, yolumikizidwa ndi unyolo kumzati, kuti aliyense wobwera kumsika amuone. Pamtanda wa ku Fettercairn chitsulo chomangirira unyolowo chikuonekabe. Ena ankakwapulidwa, ena kuphedwa kumene. M’chaka cha 1650 mkulu wa asilikali wotchuka, James Graham, amene ankadziwika kuti Marquis of Montrose, adanyongedwa pamtanda wa ku Edinburgh khamu la anthu likuonerera.

Anthu a ku Scotland sadafufute mbiri yowawayi. Ana asukulu akapita kukaona mitandayi amauzidwa zonse, za malonda ndi za magazi zomwe.

Adagwetsa okha, adadzamanganso okha

Sikuti Asikoti adali osamala chiyambire. M’chaka cha 1756 akuluakulu a mzinda wa Edinburgh adaona kuti mtanda wawo, umene umatchulidwa kale m’zolembedwa za 1365, ukutchinga njira ya ngolo. Adaugwetsa. Mzati wake udatengedwa kukaikidwa kumunda kwa munthu wina wolemera kunja kwa mzinda. Ku Glasgow mtanda wakale udachotsedwa m’chaka cha 1659. Matauni ena adachitanso chimodzimodzi, ndipo miyala ina idathera m’makoma a nyumba za anthu.

Patapita zaka zambiri, zidzukulu zidayamba kufunsa kuti chizindikiro cha tauni yawo chidapita kuti. Ku Edinburgh mzati uja udabwezedwa mumzinda, ndipo m’chaka cha 1885 William Gladstone, amene adakhalapo nduna yaikulu ya Britain, adalipira m’thumba mwake kuti aumangire tsinde latsopano. Padali patatha zaka 129 chiugwetsereni. Ku Glasgow adachita kumanga wina wongofanizira cha m’ma 1929, chifukwa weniweni uja sadapezekenso.

Mwayi udagwera malo ngati Prestonpans, kumene mtanda womangidwa kuchiyambi kwa zaka za m’ma 1600 udakali pamalo pomwe udaimikidwa. Pansi pake pali kachipinda kamene kadali ndende ya tauni. Amalonda oyendayenda a m’chigawocho ankakumana pamenepo chaka ndi chaka kudzasankha atsogoleri awo, monga momwe mavenda amasankhira komiti ya msika masiku ano. Msika wa pamalopo udatha kalekale, koma mwala udatsala kuti uziuza odutsa kuti pano padali pachimake pa malonda.

Lero mitanda yambiri ndi yotetezedwa ndi lamulo, ndipo bungwe la boma la Historic Environment Scotland limasunga ndandanda wa zipilala zoterezi. Nzeru imeneyi adaigula ndi mtengo wa miyala yambiri imene idatayika.

Kuchokera ku Aberdeen kudzafika ku Bandawe

Umodzi mwa mitanda yokongola kwambiri uli mumzinda wa Aberdeen. Udamangidwa m’chaka cha 1686 ndi mmisiri John Montgomery, ndipo mozungulira adasemapo nkhope za mafumu 10 a banja la Stewart. Mumzinda umenewu ndi momwe mudabadwira Dr Robert Laws m’chaka cha 1851, munthu amene dzina lake silisowa pakamwa pa Atonga ndi Atumbuka.

Laws adali m’gulu la amishoni a Livingstonia amene adalowa m’nyanja ya Malawi pa 12 Okutobala 1875 pa kasitima ka nthunzi kotchedwa Ilala. Dzinali ndi la dera la ku Zambia kumene David Livingstone adamwalirira m’chaka cha 1873. Adayamba ntchito ku Cape Maclear, koma malungo adawasautsa kwambiri. M’chaka cha 1881 adasamukira ku Bandawe, kummwera kwa Chintheche m’boma la Nkhata Bay. Kumenekonso malungo sadawaleke, ndipo mu 1894 likulu la mishoni lidakwera phiri kupita ku Khondowe.

Zaka zochepa zimene Bandawe idali likulu zidasintha dera lonse. Atonga adalandira sukulu ndi manja awiri. Ana amene adaphunzira kuwerenga ndi kulemba adasanduka aphunzitsi, makalaliki ndi akapitawo m’dziko muno, ku Rhodesia mpaka ku Joni. Mmodzi mwa ana a dera limeneli, Clements Kadalie wa m’mudzi wa Chifira, ndiye adayambitsa bungwe lalikulu la anthu akuda apantchito la ICU mumzinda wa Cape Town m’chaka cha 1919. Ku Chintheche komweko ndi kumene Elliot Kamwana adabatiza anthu zikwizikwi m’zaka za 1908 ndi 1909, atsamunda asadamugwire n’kumuthamangitsa.

Asikoti sadaimike mtanda wa pamsika ku Nkhata Bay. Malonda awo adabwera m’njira ina. Kampani ya African Lakes, imene idakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndipo inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Fred Moir, idatsegula masitolo m’mbali mwa nyanja. Anthu adaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m’maso a John. Miyala imene Asikoti adasiya m’bomali ndi ya mtundu wina: manda a amishoni ku Makuzi, ndi tchalitchi chakale cha njerwa cha ku Bandawe chimene chatha zaka zoposa 100. Ndipo chipilala chawo china chimayenda pamadzi. Ilala ya masiku ano idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow, idabwera m’zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, amisiri adailumikiza ku Monkey Bay, ndipo idayamba kunyamula anthu mu 1951.

Makolo adali ndi mitanda yawo

Kunena kuti makolo a m’dziko muno adalibe malo otere kungakhale kunama. Mudzi uliwonse udali ndi bwalo, ndipo bwalo lidali ndi mtengo wake, kachere, mkuyu kapena mlambe. Pamenepo ndi pamene mfumu inkaweruza milandu, amithenga ankatula nkhani, ndipo alendo obwera ndi mchere, makasu kapena nsalu ankayala katundu wawo. Ntchito yonse imene Msikoti ankachita pamwala, Mtonga ndi Mchewa ankaichita pamthunzi.

Kusiyana kwake n’kwakuti mtengo umakalamba, umagwa ndi mphepo, ndipo nkhwangwa siuopa. Ku Nkhotakota anthu amasonyezabe mtengo umene David Livingstone adakumanirana ndi Jumbe m’chaka cha 1863 pokambirana za malonda a akapolo. Mtengo umenewo udapulumuka chifukwa dzina la mzungu wotchuka lidaumatirira. Mitengo ina yambiri imene pansi pake padagamulidwa nkhani za malire, maukwati ndi nkhondo idathera m’mauvuni a njerwa ndi m’ng’anjo za makala popanda woilira.

Zipilala zomangidwa nazo zilipo m’matauni a m’mbali mwa nyanja. Ku Mangochi kuli nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, yomangidwa mu 1903. Pafupi nayo pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 idawoloka nyanja kukawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann kutsidya la Tanganyika, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Pomwepo pali mwala wokumbukira anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julaye 1946 kufupi ndi Chitimba. Pachilumba cha Likoma, tchalitchi chachikulu cha St Peter, chimene adayamba kumanga mu 1903, chimasunga kamtanda kosemedwa kuchokera ku mtengo umene pansi pake padakwiriridwa mtima wa Livingstone.

Zambiri mwa zipilala zimenezi zimakamba za azungu. Cha ku Nkhata Bay chimakamba za eni nthaka.

Tsiku la Mpasa

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa m’chaka cha 1953 anthu akuda akukana. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene adaphunzira udokotala ku Edinburgh komwe kuja kuli mtanda, adabwerera kumudzi pa 6 Julaye 1958 kudzatsogolera chipani cha Nyasaland African Congress. Pofika kuchiyambi kwa 1959 dziko lidali litatentha. Boma la atsamunda lidayamba kunena kuti a Congress akonza chiwembu chopha azungu, amwenye ndi mafumu ogwirizana ndi boma.

Pa 3 Malichi bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza lamulo lapadera la State of Emergency. Kusadache, apolisi ndi asilikali adayamba kugogoda m’makomo pa ntchito imene adaitcha Operation Sunrise. Dr Banda adagwidwa ku Limbe n’kutumizidwa kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Kumpoto, atsogoleri a Congress amene adagwidwa adakwezedwa m’sitima ya Mpasa kuti awatengere kummwera.

Sitimayo ili padoko la Nkhata Bay, mbiri idawanda m’midzi kuti abale awo atsekeredwa m’katimo. Amuna ndi amayi adatsika m’mapiri n’kukhamukira kudoko kukafuna kuti omangidwawo amasulidwe. DC wa bomalo, John Brock, adali ndi asilikali ochepa achizungu ochokera ku Southern Rhodesia. Adayesa kuuza anthuwo kuti abwerere, koma iwo adakana kuchoka osaona abale awo. Pamapeto pake adapereka mphamvu kwa asilikali, ndipo mfuti zidalira.

Komiti yofufuza imene boma la Britain lidatumiza, motsogozedwa ndi woweruza milandu Sir Patrick Devlin, idalemba kuti anthu 20 adafa ku Nkhata Bay. Eni dera amawerenga oposa 30. Malinga ndi lipoti lomwelo, anthu akuda 51 adaphedwa m’dziko lonse pa nthawi ya chipwirikiticho, kusonyeza kuti palibe malo ena amene adataya anthu ambiri tsiku limodzi kuposa doko limeneli. Anthu oposa 1,000 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu.

Lipoti la Devlin lidatuluka mu Julaye 1959 ndipo lidachititsa manyazi boma la Britain. Lidakana nkhani yoti padali chiwembu chokonzedwa bwino chopha azungu, lidanena kuti anthu akuda pafupifupi onse sankafuna Chitaganya, ndiponso kuti dziko la Nyasaland lidali litasanduka lolamulidwa ndi mphamvu za apolisi. Ku Scotland nako nkhaniyi idautsa mapiri pachigwa. Msonkhano waukulu wa mpingo wa Church of Scotland mu Meyi chaka chomwecho udaima kumbali ya anthu a ku Nyasaland. Ku Livingstonia, amishoni atafunsidwa ngati akufuna kusamutsidwa poopa anthu akuda, adayankha poyala miyala pabwalo kuti a m’ndege awerenge: Aefeso 2:14. Adakana kuchoka.

Magazi a padoko sadapite pachabe. Orton Chirwa, loya wochokera m’boma lomweli la Nkhata Bay, adayambitsa Malawi Congress Party kumapeto kwa Seputembala 1959. Dr Banda adatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julaye 1964 dziko lidalandira ufulu.

Tsiku limodzi pachaka

Amene adakula m’nthawi ya chipani chimodzi amakumbukira kuti 3 Malichi lidali tsiku la mantha. Kulima, kusewera mpira, kumwa mowa kapena kuliza nyimbo zovina kunkaika munthu m’mavuto. Wailesi ya MBC inkakhalira nyimbo zachisoni ndi sewero la John Chilembwe. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994 mantha adatha, koma pamodzi ndi manthawo chidwi cha ambiri chidazilala. Kwa achinyamata ochuluka, tsikuli ndi holide yopita kunyanja basi.

Ku Nkhata Bay mwambo umachitikabe chaka ndi chaka. Pamakhala mapemphero, akuluakulu a boma, mafumu ndi abale a malemu amaika nkhata pachipilala ndi kumanda a ku Kakumbi, kenaka kumakhala zolankhula ku Chirundu Point. Mabanja a ophedwawo akhala akupempha kuti boma la Britain lipepese ndi kupereka chipukuta misozi, ndipo nkhaniyi idamveka mpaka m’nyuzipepala za ku London m’chaka cha 2015.

Magalimoto a alendo akabwerera, tauni imayambanso za masiku onse. Apa ndi pamene pali kusiyana ndi mitanda ya ku Scotland. Mitanda ija idapulumuka chifukwa idali ndi ntchito pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Anthu ankapanganirana kukumana pamenepo, ankayezerapo nsalu, ankamverapo nkhani. Itangosiya kugwira ntchito ndi pamene a khonsolo adayamba kuiona ngati chopinga pamsewu. Chipilala chimene anthu amachiyendera kamodzi pachaka chili pangozi yomweyo, makamaka m’tauni yopanikizika ngati Nkhata Bay, imene ili pakati pa mapiri ndi nyanja, kumene kachigawo kalikonse ka malo kamafunidwa ndi womanga sitolo, malo ogona alendo kapena okala.

Vuto lalikulu kuposa la njerwa ndi la mboni. Mwana amene adali ndi zaka 10 tsiku la Mpasa adabadwa mu 1949, chaka chimodzi ndi sitima ya Ilala. Amene adali akuluakulu, amene adathawa zipolopolo kapena kunyamula mitembo, atsala owerengeka. Gogo aliyense wotere akamwalira asadafotokoze zimene adaona, kachidutswa ka mbiri kamalowa naye m’manda. Kusiyana kwa 20 wa Devlin ndi oposa 30 a eni dera si nkhani ya masamu chabe. Pakati pa manambala awiriwa pali anthu amene adali ndi maina, ana ndi minda, ndipo okhawo amene angawatchule ndi okalamba omwe akutha.

Udindo uli ndi yani?

Dziko lino lili ndi lamulo la 1990 loteteza zipilala ndi zinthu zamakedzana, ndipo nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zakale ndi zipilala ndiyo idapatsidwa ntchito yoziyang’anira. Kuwononga chipilala chotetezedwa ndi mlandu. Koma lamulo silisesa, silizula udzu, ndipo silingauze mwana chifukwa chimene mwala udaimikidwira. Ofesi imene ili kutali singalondere malo aliwonse usana ndi usiku. Mutu umodzi susenza denga.

Zambiri zofunika sizilira ndalama. Mphunzitsi wa pulayimale angathe kuyenda ndi kalasi yake kuchoka kusukulu kukafika pachipilala, kujeti ndi kumanda m’mawa umodzi. Mdzukulu amene ali ndi foni angakhale pansi ndi agogo ake madzulo, kondowole itapsa, n’kuwajambula mawu akufotokoza m’Chitonga chawo zimene zidachitika. Mipingo, imene imasunga bwino mabuku a ubatizo ndi maukwati, ingathe kusunganso maumboni amenewa. Komiti ya msika, asodzi ndi oyendetsa maboti angagawane masiku osamalira malowo monga momwe anthu amachitira pa chitukuko cha kumanda. Magule a malipenga ndi chilimika, amene amasonkhanitsa anthu ambiri m’bomali, ndi njira ina yofikitsira mbiri kwa achinyamata.

Palinso phindu la m’thumba. Alendo ochokera kunja amene amatsika Ilala kapena kugona ku Chikale amafuna zoona ndi zomva, osati kusambira kokha. Mnyamata wodziwa bwino mbiri ya doko, ya Bandawe ndi ya Makuzi angapeze ya sopo poperekeza alendo. Ubale wa Malawi ndi Scotland, umene udalimbikitsidwa ndi pangano limene Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi nduna yoyamba ya Scotland Jack McConnell adasainira mu Novembala 2005, walumikiza sukulu, mipingo ndi zipatala zambiri. Palibe choletsa kuti ulumikizenso anthu osamalira zipilala.

Nkhaniyi si ya Nkhata Bay yokha. Ku Mitundu, ku Jenda, ku Lizulu, ku Lunzu ndi m’misika ina muli mtengo, sitolo yakale, chitsime kapena bwalo limene okalamba amadziwa kuti ndi pamene tauni idayambira. Nthawi yofunsa ndi ino, buludoza lisadafike.

Mzinda wa Edinburgh udadikira zaka 129 kuti ukonze cholakwa cha tsiku limodzi, ndipo udachita mwayi kuti mzati wake udasungidwa ndi munthu wina. Glasgow idapeza kuti wake udapita. Ilala ikadzalizanso hutala padoko la Nkhata Bay, pakati pa amayi a madengu ndi anyamata a matumba padzakhala ana amene agogo a makolo awo adaima pamalo omwewo mu 1959. Mwala uli pomwepo kuwadikira. Chimene chikufunika ndi munthu wowagwira dzanja n’kuwauza maina.